Mlandu wa lendi, ndi woweruza amene anasankha kukhala chete

Dandaulo linabwera lolembedwa pamanja, masamba awiri ong'amba m'kope. Analemba ndi mayi wina wosoka zovala amene anali atagonja pa mlandu wa lendi masabata atatu m'mbuyomo. Panthawiyo ndinali m'komiti yoona za khalidwe la oweruza, ndipo ntchito yoyamba kufufuza inagwera ine. Nkhaniyi ndikulembera oweruza anzanga, makamaka amene angoyamba kumene, komanso aliyense amene tsiku lina adzapatsidwa fayilo yotere. Maina a anthu, a kampani ndi a khoti ndawasiya dala.

Tsamba loyamba ndinaliwerenga ndi mtima wozolowera. Madandaulo ambiri amene amafika ku komiti ngati yathu amachokera kwa munthu amene wagonja, mtima ukumupweteka, ndipo akufuna wina amuuze kuti woweruza analakwa. Zimenezo si za komiti. Woweruza akaphonya lamulo, mankhwala ake ndi apilo kukhoti lalikulu. Koma pa tsamba lachiwiri mayiwo analemba kuti tsiku limene anapita kukabweza makiyi ku ofesi ya kampani imene inawasumira, anaona mayi wina atakhala pa desiki yowerengera ndalama, ndipo wantchito wina anawanong'oneza kuti amenewo ndi akazi a majisitireti amene anaweruza mlandu wawo. Apa ndinaima kaye, chifukwa nkhani yotere imafufuzika: kaya ndi yoona, kaya ndi yabodza, yankho lake limapezeka.

Mlanduwo

Kampani yobwereketsa zipinda zochitiramo malonda inasumira mayiwo kuti sanalipire lendi ya miyezi 7. Inkafuna ndalamazo, komanso kuti atuluke m'chipindamo. Mayiwo sanakane ngongoleyo. Anati denga linkadontha, madzi anaononga nsalu za makasitomala ndi makina amodzi osokera, ndipo iwo anakanena kwa manijala wa kampaniyo kangapo konse koma palibe chinachitika. Pangano la lendi linkati kampani iyenera kukonza denga ikadziwitsidwa. Motero mlandu wonse unatsamira pa funso limodzi: kodi manijala anauzidwa, kapena sanauzidwe? Kalata panalibe. Panali mawu a mayiwo ndi mawu a manijala basi. Kampani inali ndi loya, mayiwo ankadziyankhulira okha.

Majisitireti anali atagwira ntchito zaka 6 popanda womudandaula. Ankadziwika kuti amayamba khoti pa nthawi yake ndipo sasunga zigamulo m'kabati. Mlanduwu anaumva maulendo 5, ndipo m'chigamulo analemba kuti akukhulupirira manijala chifukwa umboni wake sunasinthesinthe, pamene mayiwo ankasokoneza masiku. Chigamulocho nditachiwerenga pachokha sindinapezemo chachilendo. Woweruza wina aliyense akanatha kufika pomwepo.

Zimene ndinapeza

Ndisanafunse munthu wina aliyense, ndinatumizira majisitireti kope la dandaulolo ndi kumupempha ayankhe molemba. Amene akufufuzidwa ayenera kumva nkhani yake kuchokera kwa wofufuza, osati m'makonde a khoti. Anayankha pasanathe masiku awiri ndipo sanabise: akazi ake ankagwiradi ntchito ku kampaniyo.

Kenaka ndinaika masiku onse pa pepala limodzi, ndipo ndi pepala limeneli limene linanditsegula maso. Akazi a majisitireti anafunsira ntchitoyo mlandu usanalembedwe n'komwe kukhoti. Anaitanidwa kukayamba mlandu utamvedwa kale kawiri. Ntchitoyo inali ya kontrakiti ya miyezi 6, yowerengera ndalama. Analibe masheya m'kampanimo, ndipo malipiro awo sakanakwera kapena kutsika chifukwa cha lendi ya chipinda chimodzi. Amene anawalemba ntchito anati sankadziwa kuti mwamuna wawo ndi ndani, ndipo sindinapeze chotsutsa zimenezo. Kufika apa ndinkaona ngati nkhaniyo ipepuka.

Inalemera nditafunsa funso lina: ku ofesiko, akazi a majisitiretiwa bwana wawo ndani? Anali manijala yemweyo amene anaimirira m'bokosi la mboni pa ulendo wachitatu. Iyeyo ndiye ankasaina malipoti awo a mwezi, ndipo kontrakiti ikatha, mawu ake ndiwo akanatsogola pa nkhani yoiwonjezera kapena ayi. Ndiye kuti majisitireti anakhala pa mpando n'kumayeza ngati bwana wa akazi ake akunena zoona kapena akunama, pa mlandu umene unalibe umboni wina koma mawu a bwanayo.

Mfundo za ku Bangalore zokhudza khalidwe la oweruza, zimene zinayamba kulembedwa mumzinda wa Bangalore ku India mu 2001 ndi kumalizidwa ku The Hague ku Netherlands mu 2002, zimaima pa nsanamira 6: kuima paokha, kusakondera, kukhulupirika, kudzisunga, kuona anthu mofanana, komanso luso ndi khama pa ntchito. Malamulo a khalidwe la oweruza m'maiko ambiri anatengera mfundo zimenezi, ndipo United Nations inazivomereza mu 2006. Ndime 2.5 imati woweruza achoke pa mlandu ngati sangathe kuweruza mosakondera, kapenanso ngati munthu woganiza bwino woonera pambali angaone ngati sangathe. Imatchula mwachindunji za woweruza, kapena wa m'banja lake, amene ali ndi phindu la chuma pa zotsatira za mlandu. Loya wa majisitireti anakakamira pa mawu amenewa: phindu la chuma pa mlandu uwu panalibe. Ndinamuvomereza. Koma zitsanzo zimene ndimeyo imatchula sizitseka khomo. Muyezo weniweni ndi maso a munthu woonera pambali uja. Makhoti a ku England anaufotokoza muyezowu pa mlandu wa Porter ndi Magill mu 2001: munthu wachilungamo amene akudziwa zonse zimene zachitika, kodi angaone kuti panali mpata weniweni woti woweruza akondere? Ndinadzifunsa ndekha kuti mayi anga akanakhala osoka zovalawo, ndikanawauza kuti asadandaule? Sindikanatero.

Kalaliki wa khoti ndiye anandiuza chinthu chimene sichinali m'fayilo iliyonse. Iye anamva za ntchito ya akazi a majisitireti sabata yomweyo imene anayamba, ndipo madzulo ena analowa mu ofesi n'kunena kuti, "Bwana, kodi si bwino kungowauza onse awiri mawa khoti likayamba?" Majisitireti anamuyankha mwaulemu kuti, "Ndamva, koma mlanduwu wafika patali. Tikauyambanso, ovutika ndi mayi omwewa." Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kalaliki uyu anachita zimene antchito ambiri a khoti amaopa kuchita. Kwa ine, madzulo amenewo ndiwo mphambano ya nkhani yonseyi. Tsiku limenelo lisanafike, majisitireti analibe cholakwa chilichonse. Akazi ake ali ndi ufulu wogwira ntchito kumene afuna. Sanalumbire lumbiro la woweruza ndi iwo. Cholakwa chinayamba pamene iye, akudziwa, ndiponso atachenjezedwa, anagamula yekha mumtima nkhani imene inayenera kugamulidwa poyera.

Panalinso china chaching'ono, chimene mwina pachokha sichikanafika ku komiti. Usiku woti mawa lake mlandu umvedwa kachinayi, loya wa kampani, amene anaphunzira limodzi ndi majisitireti, anamutumizira uthenga pa WhatsApp kuti ali ndi mlandu wina kukhoti lalikulu, ndipo akupempha tsiku lina. Majisitireti anayankha kuti palibe vuto. Mayi osoka zovala sanauzidwe. Anatseka malonda awo, anafika m'mawa, anadikira mpaka masana, kenaka kalaliki anawauza kuti abwere sabata ya mawa. M'rekodi munangolembedwa kuti mlandu waimitsidwa, wopempha sanatchulidwe. Oweruza ambiri amachita zimenezi osaganiza kawiri, chifukwa amati ndi nkhani ya masiku chabe, si ya mlandu. Koma wa mbali inayo chimene amaona n'chakuti mnzake ali ndi nambala ya woweruza, iye alibe. Ndime 4.3 ya mfundo za ku Bangalore imachenjeza za ubwenzi ndi maloya amene amaonekera kawirikawiri m'khoti lako pa chifukwa chomwechi. Pempho loimitsa mlandu lidutse kwa kalaliki, mbali inayo imve, ndipo lilembedwe.

Kukambirana ndi majisitireti

Tinakhala pansi maola awiri. Anali wotopa, ndipo mawu amene anabwereza kangapo ndi akuti, "Bwana Jaji, mumtima mwanga ndikudziwa kuti sindinakondere." Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimamukhulupirira. Ndinamuuza choncho. Koma ndinamukumbutsa mlandu wa McCarthy wa ku Sussex, ku England, umene unagamulidwa chakumapeto kwa 1923. Kalaliki wa khoti kumeneko anali loya m'kampani ya maloya imene inkaimira munthu wofuna chipukuta misozi kwa McCarthy pa ngozi ya pamsewu yomweyo imene iye ankazengedwera mlandu m'khotimo. Oweruza atapita kukakambirana, kalalikiyo analowa nawo. Iwo analumbira kuti sanamufunse kanthu, ndipo khoti lalikulu linawakhulupirira, komabe linafafaniza chigamulocho. Ndi pamenepo pamene woweruza wamkulu Lord Hewart ananena mawu amene tonse timawaloweza, akuti chilungamo sichiyenera kungochitika, chiyenera kuonekanso poyera kuti chachitika. Timawaloweza, koma timawaona ngati onena za anthu ena, a mitima yokayikitsa. Chonsecho analembedwera anthu oona mtima, chifukwa woweruza woona mtima ndiye amanyengeka msanga ndi mtima wake woyera n'kuona ngati palibe chofunika kunena.

Ndinamukumbutsanso kuti izi sizigwera ang'onoang'ono okha. Mu 1852, pa mlandu wa Dimes, zigamulo za Lord Cottenham, amene anali mkulu wa oweruza onse ku England, zinathetsedwa chifukwa anali ndi masheya m'kampani ya ngalande imene inali pa mlanduwo. Mu 1998, chigamulo cha House of Lords, khoti lapamwamba kwambiri la ku Britain panthawiyo, pa mlandu wa Pinochet, mtsogoleri wakale wa dziko la Chile, chinathetsedwa patangopita masabata ochepa, chifukwa Lord Hoffmann sananene kuti anali mkulu wa nthambi yachifundo ya Amnesty International, bungwe lomenyera ufulu wa anthu limene linaloledwa kulankhula pa mlanduwo. Palibe anamunena kuti analandira kanthu. Mlanduwo unamvedwanso ndi oweruza 7 mu 1999.

Iye anali ndi mfundo ziwiri zomveka, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Yoyamba inali yakuti woweruza sathawa mlandu mwachisawawa. Izi n'zoona. Khoti la malamulo aakulu la ku South Africa, pa mlandu wa bungwe la mpira wa rugby mu 1999, linanenetsa kuti woweruza ali ndi udindo womva mlandu uliwonse umene palibe chifukwa chenicheni chomuchotserapo, ndipo amene akuti woweruza akondera ayenera kuonetsa zifukwa zogwirika. Oweruza akamachoka pa milandu chifukwa cha mphekesera iliyonse, maloya ochenjera adzayamba kudzisankhira oweruza. Yachiwiri inali yakuti pa khotipo anali yekha. Ndime 2.5 yomweyo imalola woweruza kupitiriza ngati palibe khoti lina lomva mlanduwo, kapena ngati kuchedwa kungabweretse kupanda chilungamo kwakukulu. Koma nditafufuza ndinapeza kuti majisitireti wina ankabwera pa khotipo mwezi uliwonse kudzathandiza milandu, ndipo mlandu wa lendi sunali wa changu chotero.

Chimene ndinaona kuti anaphonya n'chakuti anaganiza kuti njira zinali ziwiri zokha: kuchoka, kapena kupitiriza mwakachetechete. Panali yachitatu, imene kalaliki anamuonetsa. Akanalowa m'khoti n'kunena kuti, "Ndisanapitirize, mudziwe kuti akazi anga ayamba ntchito ku kampani imene ili pa mlanduwu, ndipo bwana wawo ndi mboni imene ikubwerayi. Ndikupatsani nthawi muganize, ndipo wosamasuka anene." Mawuwo akanalembedwa m'rekodi. Pa mlandu wa Locabail mu 1999, khoti la apilo la ku England linafotokoza kuti munthu amene wauzidwa zonse momveka n'kuvomera mwaufulu kuti woweruza apitirize, sangadzadandaule pambuyo atagonja. Ine ndikuona kuti pa nkhani yathuyi, popeza mayiwo analibe loya ndipo mlandu unatsamira pa mboni imeneyo, kuchoka ndiko kukanakhala bwino ngakhale iwo akanavomera. Munthu wopanda loya savuta kuvomera chifukwa choopa kukhumudwitsa woweruza. Koma ngakhale akanapitiriza, akanakhala atalakwitsa poyeza nkhani, osati pobisa. Komiti siilanga woweruza chifukwa choyeza molakwika nkhani imene waiika poyera.

Zimene komiti inasankha

Tinagawa nkhaniyo patatu, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wofufuza kuchita chimodzimodzi, chifukwa zikasakanikirana mtima ndiwo umaweruza.

Za chigamulo chenichenicho tinalibe mphamvu. Komiti ya khalidwe siithetsa chigamulo, ndipo tsiku limene idzayamba kutero ndiye kuti kuima paokha kwa oweruza kwatha. Chimene tinachita ndi kulembera mayiwo kuwauza kuti njira yotsutsira chigamulo ndi khoti lalikulu, kuti njirayo ili ndi malire a masiku, ndiponso kumene angapeze loya wothandiza anthu osowa. Apa ndipamene ine ndinalakwa. Kalatayo ndinailemba patatha mwezi wathunthu chilandirire dandaulo, chifukwa maso anga onse anali pa majisitireti. Pamene inkafika, masiku a apilo anali atatha, ndipo makina awiri osokera anali atalandidwa kale pofuna kubweza ngongole. Mayiwo ankaganiza kuti polembera ife ndiye kuti achita apilo. Anthu ambiri amaganiza choncho. Kuyambira pamenepo, dandaulo lililonse lokhudza mlandu umene wagamulidwa timaliyankha sabata yomweyo ndi kalata yofotokoza kusiyana kwa njira ziwirizi, tisanayambe n'komwe kufufuza.

Za katangale tinakangana. Mmodzi wa ife ankafuna fayiloyo ipite kwa ofufuza za ziphuphu, poti ntchito ya mkazi ikhoza kukhala chiphuphu chobisika. Maganizowo sanali opanda pake. Ziphuphu zambiri zimadutsa kwa achibale. Koma masiku anatsutsa: kalata yofunsira ntchito inatsogola, mlandu unabwera pambuyo. Majisitireti anatipatsa mwaufulu mauthenga onse a pakati pa iye ndi loya wa kampani uja, ndipo munalibe china koma za tsiku lija. Za akaunti ya kubanki ya akazi ake tinakana kuzifunsa. Panalibe chifukwa, ndipo kufufuza kopanda malire kumasanduka chilango chisanafike chigamulo.

Za khalidwe tinapeza zolakwa ziwiri: kusaulula ubale umene munthu woganiza bwino akanauona ngati wokhudza kusakondera, ndi kukambirana za mlandu ndi mbali imodzi. Wina ankafuna achotsedwe ntchito, wina ankati kumulankhula pambali n'kokwanira poti sanapindule kanthu. Ine ndinaima pakati, ndipo anzanga anagwirizana nane pa chidzudzulo cholembedwa cholowa m'fayilo yake. Kumuchotsa kukanaphunzitsa oweruza ena kuti wovomera msanga ndi wonama amalandira chilango chimodzi, ndipo wotsatira akanabisa. Kumulankhula pambali kukanakhala kubwereza cholakwa chake chomwecho, kukonza mseri nkhani ya poyera. Chimene chinalemeretsa mlandu wake ndi chenjezo la kalaliki limene analimva n'kulisiya. Chimene chinaupeputsa ndi zaka 6 zopanda banga, ndi kuti sanatibisire kanthu ngakhale kamodzi. Mayiwo tinawalembera kuwauza zimene tapeza ndi chilango chimene chaperekedwa. Ena ankati tingowauza kuti nkhani yatha, koma munthu amene wadandaula za kubisa sungamuyankhe mobisa.

Zimene zinatsatira

Loya amene anawathandiza mayiwo anapempha khoti lalikulu kuti liwalole kuchita apilo mochedwa, ndipo linalola. Linathetsa chigamulocho pa chifukwa cha maonekedwe a kukondera, osanena kuti majisitireti anakonderadi, n'kulamula kuti mlandu umvedwenso ndi woweruza wina. Unamvedwanso patatha miyezi 14 kuchokera pa chigamulo choyamba. Ulendo uno loya anapeza uthenga m'foni yakale ya mwana wa mayiwo, wopita kwa manijala, wonena za denga. Woweruza wachiwiri anagamula kuti lendi iyenera kulipidwa ndithu, koma anachotsapo mtengo wa katundu amene anaonongeka. Ena anatenga izi ngati umboni wakuti woyamba anakondera. Ine sinditero, chifukwa uthengawo sunaperekedwe pamaso pake. Koma kuchedwa kumene iye ankati akuwapewetsa mayiwo kukanakhala mwezi umodzi kapena iwiri. Kunakhala chaka ndi miyezi iwiri, ndipo makina awo anabwezedwa makasitomala ambiri atapita kale kwina.

Akazi a majisitireti anasiya ntchitoyo kontrakiti isanathe, palibe anawauza kutero. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pa anthu onse a m'nkhaniyi iwo ndi amene sanalakwe kalikonse. Ndime 4.7 imafuna kuti woweruza aziyesetsa kudziwa za chuma cha a m'banja lake. Ndime imeneyi imateteza abalewo kuposa mmene timaganizira: mwamuna wawo akanalankhula m'khoti m'mawa uja, fayilo ikanapita kwa wina, iwo akanapitiriza ntchito yawo.

Majisitireti anapitiriza kugwira ntchito pa khoti lina. Patapita zaka ziwiri, ndikumva apilo ya mlandu wina wosakhudzana ndi uwu, ndinatsegula rekodi n'kuzindikira kalembedwe kake. Pa tsamba loyamba, mboni isanalumbire, analemba kuti wauza mbali zonse kuti mboni yachiwiri ya wodandaula inamuphunzitsa kusekondale, kuti sanaonane nayo zaka zoposa 10, ndi kuti wapereka mphindi 30 kuti aganize. Pansi pake panali yankho la mbali iliyonse m'mawu awoawo. Onse anati apitirize, ndipo pa zifukwa zonse za apilo imeneyo, nkhani ya mphunzitsiyo sinatchulidwe.